Dzina la a Enoki Silinapite ku Nakala

A Enoki Msokera a ku Kapondo sadziwa kukhala pansi. Kutchalitchi amasankha benchi ya kumbuyo kuti azituluka ndi kulowanso osasokoneza ulaliki. Pamaliro ndi iwo amene amakaona ngati manda akuya mokwanira, n'kubwerera kudzafunsa ngati adzukulu adya, n'kupitanso kumanda kuja. Akazi awo, a Keziya, anasiya kalekale kuwaikira mpando pakhonde.

Anabadwira ku Kapondo komweko mu 1963. Sukulu analekeza sitandade 8, ndipo anapita kuboda kukathandiza makaniko wina amene ankakonza mathiraki odikira kuwolokera ku Zambia. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kumva vuto la injini ndi khutu. Atalowa usilikali anawaika ku galaja, ndipo anapezako anzawo awiri a kwawo ku Mchinji. Wina anali Vincent Chimutu wa ku Chiosya, makaniko mnzawo. Wina anali Abudu, dalaivala, mwana wa mwini sitolo pa boma. Atatuwo ankadyera limodzi, ndipo pa tchuthi ankakwera basi imodzi.

Mu 1989 gulu lawo linasankhidwa kukalondera njanji yopita ku doko la Nakala, ku Mozambiki, kumene kunali nkhondo. Makaniko amene analembedwa kuti apite anali Vincent. Koma m'mawa wa tsiku lonyamuka, magalimoto atalizidwa kale, Vincent anagwa pamzere, maso ali achikasu, thupi likutentha. Sajeni anayang'ana uku ndi uku, n'kuloza a Enoki amene anali kumanga tayala.

"Msokera, tenga chikwama chako ukwere. Zolemba tikonza pambuyo."

Anakwera manja ali ndi girizi. Anakhala kumeneko chaka ndi miyezi, akukonza magalimoto m'tchire, nthawi zina ndi waya ndi mphira wa tayala basi. Tsiku lina galimoto imene Abudu ankayendetsa inaponda bomba lokwirira. A Enoki anali m'galimoto yotsatira. Anathamanga, anamukoka Abudu pawindo, ndipo anabwereranso kukakoka mnyamata wina amene anawafera m'manja. Kuyambira tsikulo khutu lawo lakumanzere silimva, ndipo polankhula nawo amapendeketsa mutu.

Usilikali anausiya bambo awo atamwalira, chifukwa panalibe woti agwire munda. Analima mtedza ndi chimanga, analera ana asanu, ndipo akapeza mpata ankakonza zigayo za m'midzi. Za ku Nakala sankazikamba kawirikawiri. Sanadziwenso kuti iwo atachoka, amene anapita ku Mozambiki aja anapatsidwa mendulo.

Anadziwira pa boma zaka zingapo zapitazo, mwezi wa Novembala, pa mwambo wokumbukira asilikali. Anavala jekete yawo yakuda, nsapato anapukuta. Wokonza mwambo analengeza kuti amene anatumikira ku Mozambiki aime kutsogolo, ndipo anayamba kuitana mayina. A Enoki sanadikire dzina lawo, anangopita kukaima. Bamboyo anawayandikira n'kuwagwira pachigongono.

"Pepani akuluakulu, inu mzere wanu ndi wakumbuyo uwo."

"Ine ndinaliko ku Nakala."

"Mwina ndi choncho, koma pamndandandawu simukupezeka. Tisachedwetse mwambo."

Anabwerera kumbuyo anthu onse akuona. Mayina a omwalira atayamba kuwerengedwa, anamva la Vincent Chimutu likutchulidwa pakati pa amene anapita ku Mozambiki. Apo m'pamene anazindikira kuti zolemba zija sizinakonzedwe.

Anafika kunyumba osavula jekete, n'kuyamba kuzungulira bwalo.

"Bambo a Jane, chachitika n'chiyani?" anafunsa a Keziya.

"Akuti sindinapite."

"Kuti?"

"Ku Mozambiki. Akuti ndinali ku galaja nthawi yonseyo."

"Nanga ine chaka chonse chija ndinkalirira ndani?" anatero a Keziya. "Khalani pansi mudye. Amene akudziwa akudziwa."

Koma a Enoki sanakhale. Mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo, anthu anathamangira kubzala, iwo anakwera minibasi ya ku Lilongwe kukafuna ofesi yosunga mbiri za asilikali. Ulendo woyamba anauzidwa kuti wowona nkhani zotere wachokapo. Ulendo wachiwiri anamupeza, mayi waulemu ndithu, amene anawamvetsera mpaka kumapeto. Anawauza kuti sakuwatsutsa, koma mawu a mwini nkhani okha sangasinthe fayilo. Pankafunika mboni yolumbira imene inali nawo kumeneko. Pankafunikanso umboni woti amene analembedwayo sanapite.

Sajeni uja anamwalira kale. Ena a m'gulu lawo anabalalika, ndipo a Enoki anayenda mpaka ku Kasungu kutsata mphekesera ya mmodzi, koma anakapeza manda. Anatsala Abudu, amene tsopano anali ndi sitolo ya bambo ake pa boma, akugulitsa zitenje, shuga ndi sopo. Ankapatsana moni akakumana, koma za nkhondo sanazikhudzepo n'kamodzi komwe.

Anawapeza akupima mpunga, ndevu zitachita mbuu, mwendo wina akuukoka.

"Che Abudu, ndabwera ndi pempho."

"Nenani achimwene."

Anafotokoza zonse ali chiimire. A Abudu anamanga jumbo ya mpunga, anapereka kwa wogula, anapukuta sikelo, kenako anayankha osawayang'ana.

"Ine zimenezo ndinazikwirira. Mendulo yanga sindikudziwa kumene ili, mwina ana anaseweretsa. Mukufuna ndikaime pamaso pa anthu ndiyambe kufotokoza za msewu uja, za mnyamata uja? Ndikatero sindigona mwezi wathunthu."

"Simufotokoza zambiri. Mungonena kuti ndinalipo."

"Kuti munalipo ndikudziwa. Mwendo uwu ukudziwa. Mulungu akudziwa. Chitsulo chidzakuwonjezerani chiyani?"

"Si chitsulo. Anandibweza pamzere ngati wabodza."

A Abudu anakana. A Enoki anabweranso Lachisanu, anawadikira potuluka mumzikiti, anakanidwanso. Anabweranso sabata yotsatira, ndi inzake. Sankakangana nawo. Ankangoima pafupi ndi kauntala, kuthandiza kutsitsa makatoni, kukonza chitseko chimene chinkalira, kenako n'kufunsanso. Kumudzi udzu unakula m'munda wa mtedza, ndipo a Keziya ankapalira okha ndi mwana wawo Jane.

"Chaka chino tidya mendulo," anatero a Keziya tsiku lina, akuchotsa matope kumapazi. A Enoki anatenga khasu, anapalira mizere ingapo mwaukali, koma dzuwa lisanafike pamutu anali atakwera kale njinga.

Pomaliza a Abudu anatopa nawo.

"Mwaganizapo za banja la Vincent? Mukufuna boma lilembe kuti sanapite. Mkazi wake alipo, ana alipo. Pitani ku Chiosya mukawauze m'maso. Mayiyo akavomera, inenso ndikalumbira."

Ananena choncho poganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Ndipo kwa milungu ingapo inaoneka ngati yathadi. A Enoki ankanyamuka ulendo wa ku Chiosya, n'kubwerera panjira. Tsiku lina anafika mpaka pa msika wa kumeneko, anagula nthochi, anadya, anabwerera kwawo. Vincent anali mnzawo weniweni. Ndi iye amene anawaperekeza pokafunsira a Keziya, ndipo pa maliro ake a Enoki ananyamula nawo bokosi.

Anapita mwezi wa Febuluwale. A Luwiza, mkazi wa malemu Vincent, anali m'chigafa akusoka fodya. Anawazindikira, anasamba m'manja, anawalowetsa m'nyumba. Pakhoma panali chithunzi cha Vincent atavala yunifomu, ndipo pansi pake panapachikidwa mendulo, riboni yake itafwifwa. A Enoki anaiyang'ana, mawu onse amene anakonza panjira anathawa. Anafunsa za mvula, za fodya, za ana. Anaimirira, anakhalanso, anaimiriranso.

"Alamu, simunabwerere mvula," anatero a Luwiza. "Mwabwerera icho chili pakhomacho."

A Enoki anakhalanso pansi.

"Ndakhala ndikukudikirani zaka zambiri. Chaka chimene munapita ku Mozambiki, anzanu anali kuchipatala, kenako anabwera kuno, ndinkawamwetsa phala ndi supuni. Ndingaiwale? Tsiku limene anawaitana pa perete kuti alandire, anaopa kukana pamaso pa akuluakulu. Anabwera nayo, anaiponya m'sutikesi, sanaivalepo. Ankati adzakupatsani, koma manyazi anawagwira mpaka imfa. Amene anaipachika apa ndi Yankho, bambo ake atapita."

Yankho anali mwana wawo woyamba, mphunzitsi pa sukulu ya pulaimale yapafupi. Chaka cha ku Mozambiki chija anali wakhanda, ndipo anakula akudziwa kuti bambo ake anamenya nkhondo ku Mozambiki. Ankauza ana a m'kalasi mwake zimenezo.

A Luwiza anaimirira kuti aichotse pakhoma.

"Ayi alamu, isiyeni," anatero a Enoki. "Ya pakhomayo sindikuifuna. Ndikufuna alembe zoona basi. Koma kuti alembe, pafunika inu mukanene zimene mwandiuzazi, molumbira."

A Luwiza anapotokola nsonga ya chitenje.

"Yankho zimupweteka," anatero. "Koma ine ndakalamba, sindikufuna kupita nalo bodza la eni. Mundiuze tsiku."

A Abudu atamva anagwira ndevu, anapukusa mutu, koma mawu awo sanawabweze. Anatseka sitolo m'mawa wina, ndipo atatuwo anapita kukalumbira kwa majisitireti. A Abudu anayamba ndi mawu ochepa monga anapangana, koma atafika pa za bomba anapitiriza okha, osafunsidwa, mpaka anatchula dzina la mnyamata amene anafa uja ndi mudzi wa kwawo. Anatuluka okha. Anakwera kabaza n'kumapita, ndipo sitolo sinatsegulidwe mpaka mawa lake.

Kudikira kunatenga chaka ndi theka. A Enoki ankaimba foni ku ofesi kuja mpaka mayi uja anazolowera mawu awo. Akamva njinga yamoto ikudutsa ankatuluka kukaona. Mtedza wa chaka choyamba chija unatuluka wochepa, ndipo a Keziya sanawabisire kuti ndi chifukwa cha iwo. Kalata ya ku ofesi itabwera, inali yaifupi: mbiri yawo yakonzedwa, apite akalandire mendulo. Panalibe perete kapena lipenga. Msilikali wina wamkulu anawapatsa m'kabokosi mu ofesi, anawagwira chanza, anati pepani chifukwa cha kuchedwa. Ya Vincent sanaitchule, ndipo palibe anaiitanitsa.

A Keziya anaitembenuza m'manja, anati ndi yopepuka kuposa mmene ankaganizira, kenako anapita kuseri kwa nyumba kukalira. Novembala wotsatira a Enoki anaima mzere wakutsogolo. A Abudu sanabwere.

Chimene chinatsala ndi mwana wa Vincent. Mayi ake atamuuza zoona, anachotsa mendulo ndi chithunzi chomwe pakhoma, ndipo anakhala miyezi osaponda pakhomo pawo. A Enoki anakumana naye pa boma, anamupatsa moni, iye anayang'ana kumbali n'kudutsa. Zimenezi zinawasowetsa mtendere kuposa za pamzere zija.

Loweruka lina anapalasa njinga mpaka ku nyumba za aphunzitsi ku Chiosya. Anamupeza akuchapa malaya panja.

"Aphunzitsi, ndabwera kuti ndikuuzeni za bambo anu."

"Mwanena kale zokwanira, bambo. Dziko lonse lamva."

"Ndanena kumene sanapite. Sindinanene amene anali."

Yankho sanawapatse mpando. A Enoki anatsamiritsa njinga pamtengo n'kuyamba. Anamuuza mmene Vincent anawaphunzitsira kumasula giyabokosi, mmene ankaimbira nyimbo za kwaya ali pansi pa galimoto, mmene anagonera panja pa chipatala tsiku limene Yankhoyo ankabadwa chifukwa anamwino anamuthamangitsa m'khonde. Anamuuza kuti m'mawa uja Vincent anabisa matenda n'kukaima pamzere, akufuna kupita, mpaka miyendo inamukana.

Yankho anapitiriza kuchapa. Anatsukuluza malaya, anafinya, anakayanika pa waya. Atabwerera anaima patali pang'ono, manja akudontha madzi.

"Ankaimba nyimbo yanji?" anafunsa.

A Enoki anapendeketsa mutu kuti amve bwino, ndipo iye anabwereza funsolo mokweza. Anayesa kuikumbukira. Mawu a ndime yoyamba anali atawathawa, koma anayamba ndi kolasi, ndi mawu awo osasalala aja, ana a aphunzitsi ena akusuzumira pa mpanda.