Chinayamwa kwa Ndani

Kanali kadofini ka pulasitiki, kabuluu, kothyoka kumchira. Amayi anakatola kunsi kwa bedi ku loji komwe ankachapa zofunda za alendo, n'kundibweretsera m'thumba la yunifomu. Bambo anali atangomwalira kumene, ndipo dzuwa la Okutobala linkawotcha mchenga wa ku Dambwa moti kusukulu tinkapita chodumphadumpha, kusaka mithunzi.

Ndinapita nako m'kalasi tsiku lomwe aphunzitsi ankagawa zamoyo m'magulu pabolodi: za mamba uku, za nthenga uku, zoyamwitsa uko. Anandilanda, n'kukakweza m'mwamba, n'kundifunsa gulu lake. Ine kudziwadziwa, ndinati ndi nsomba. Mayo ine! Kapayipi kawo kanatera m'manja mwangamu mpaka zala zinakana kugwira pensulo. Munthu uja kumenya kunkamukoma, ndisaname. Ankachita kumwetulira.

"Osayang'ana kumene chikhala," ankatero, chikwapu chilichonse ndi mawu ake. "Funsa chinayamwa kwa ndani. Ni mkaka umene uuza mtundu."

Phunzirolo linandilowa ndithu. Dofini amakhala ndi nsomba koma si nsomba. Mleme umauluka ndi mbalame koma si mbalame. Nyengo yonseyo ndinkangogawa chilichonse chodutsa, anyani akuba aja, abuluzi apakhoma, ngakhale njovu zomwe zinkathyola mipanda kufuna mango.

Mvula isanagwe kunabwera malume kuchokera ku Katete, munthu amene ndinali ndisanamuonepo. Anakhala pampando wa bambo, fumbi lili mbuu m'nsapato, n'kunena kuti kwathu mwana ndi wa kuchikazi, bambo akafa malume amatenga mbumba yake. Amayi anali atagwada pakhomo, maso pansi.

Ine mantha ndinalibe. Yankho ndinali nalo, lomwe manja anga anavutikira. Ndinaimirira ngati m'kalasi.

"Ba malume, mwana ni wa kumene anayamwa. Ine ndine wa amayi."

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Kochenjera kamwanaka! Wanena wekha. Iwe unayamwa kwa mlongo wanga, tinamuika m'manda ukadali pabere. Awa anakupeza ukukwawa."

Ndinacheukira amayi kuti awatsutse. Koma iwo anangodzuka n'kupita kukaanula zovala zanga pachingwe, zisanaume n'komwe. Ndimakumbukabe fungo la sopo wa ku loji m'chikwama chonyowa chomwe anandilongedzera.

Malume aja sankandifuna chifukwa cha chikondi, ayi. Kwawo kunali mbuzi ndi ana ofuna wowalera. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kuti mkazi wosabereka, m'nyumba ya mwamuna wakufa, analibe poyambira kulankhula. Zimandiwawa mpaka pano.

Koma m'basi tsiku lija, kadofini kali m'manja, ndinkangokwiyira amayi. Ndinkaganiza kuti amayi angoiwala kuti anandiyamwitsa, ndipo akakumbukira abwera kudzanditenga.