Khasu Lonyezimira la ku Masambanjati

Ndikukumbukira chaka chimene ndinagula khasu. Lemba bwino mdzukulu wanga, amalume ako awerenge asanakagule chimakina cholimira chawocho.

Ndinali kamtsikana, koma nzeru ndinkati ndili nazo. Amayi ankatchola tiyi ku esiteti, ndiye munda wathu wa pamtunda uja unkayenera kuungidwa mizere mvula isanagwe. Pajatu mvula ikangogwa tiyi amaphuka ngati wapenga, akapitawo salola munthu kujomba ngakhale tsiku limodzi. Khasu lathu linali litatha, langotsala ngati chikhatho changachi.

Loweruka amayi anandituma ku Masambanjati. Akuti, "Upite kwa a Namakhwa osula aja. Uligogode ndi mwala, likalira kuti ngwee, ndi lomwelo."

Ndinafikadi. Koma makasu a mkuluyo, mayo ine! Akuda bii, okhakhala, onunkha makala. Chapafupi pomwepo bambo wina anayala makasu a m'sitolo, opepuka, opaka penti yobiriwira, waliwali padzuwa. "Tenga ili mwanawe, limalima lokha!" Mwala uja sindinautole n'komwe. Ndinalisenza pamutu, njira yonse kunyada.

Amayi analitembenuza uku ndi uku. Anaotcha msuka, kuulowetsa mumpini, ife uyo kumunda. Dothi lathu lofiirali mu Okutobala ndi njerwatu. Mzere woyamba, wachiwiri, pa wachitatu khasu lija linapindika ngati tsamba la nthochi. Analiwongola pamwala, linapindikanso. Kachitatu linang'ambika.

Sanandimenye. Bola akanandimenya. Anangokhala pamzere paja, n'kumayang'ana mitambo ikusonkhana.

Mvula inagwa sabata yomweyo. Tinkalima Lamulungu lokha tikaweruka kutchalitchi, ndi khasu lobwereka. Tinadzala anzathu akupalira, chimanga chinathera m'chiuno. Chaka chimenecho tinadya nyemba za kalongonda, moti mpaka lero sindifuna kumva fungo lake.

Ndiye dzana amalume ako anandionetsa pafoni makina olimira, ofiira psuu, mano ake kumbuyo, akuti munthu umangogwira n'kumatsatira. Zinthu zasinthadi, ndipo sindikukana, msana wangawu ukanawafuna kale. Koma wogulitsayo abwere nawo kuno, mu Okutobala, alime mizere itatu pamtunda pomwe paja ine ndikuonerera. Amalume akowo amufunsenso kuti dzino likathyoka adzalisula ndani, poti a Namakhwa anatisiya kalekale.