Sabata Imene Ndinasuntha dx

M'zaka za nkhondo ndinali kalaliki pa mgodi ku Kitwe. Ndinkakopera pamanja masamu a mainjiniya osawamvetsa n'komwe. Onse ankayamba ndi chizindikiro chonga S wamtali, ∫, n'kumaliza ndi dx. Koma injiniya watsopano wa mapampu ankalemba dx koyambirira, moyandikana ndi S uja. Ndinati mzunguyu waphonya, ndipo ndinamukonzera mwakachetechete, dx aliyense n'kumubwezera kumapeto.

Mapepala atapita, mantha anandigwira. Nanga mapampu akalephera, madzi n'kudzaza pansi? Mlamu wanga ankakumba komweko. Sabata yonse wezulo ya pa mgodi ikalira ndinkangoti kwachitika ngozi, koma kuulula ayi.

Lachisanu injiniya anandiitana, pepala lili m'manja.

"Wasuntha dx wanga ndani?"

"Si ine, bwana," ndinatero, chonsecho wokopera mu ofesi yonse ndinali ndekha.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Yankho silisintha. Ndi kalembedwe chabe, ena amaika kutsogolo, ena kumbuyo."

Ndinathokoza katatu, ndikutuluka cham'mbuyo, mpaka kudzigunditsa pachitseko. Tinagwira ntchito limodzi zaka zinayi, ndipo nthawi zonse pondipatsa pepala ankati, "Ukamuuze mnzako wosuntha dx uja asasunthenso kanthu."