Thonje la Alamu Anga

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, ndi makaniko wa njinga zamoto, ndipo padziko lonse ndi okhawo amene amapereka moni kwa njinga asanapereke kwa mwini wake. Mukaima pagalaja pawo, nkhope yanu saiona. Amagwada, n'kutulutsa kathonje m'thumba la shati, n'kukayendetsa pang'onopang'ono papaipi ya mabuleki, kuchokera kuhandulo mpaka kutayala. Akatero m'pamene amadzutsa mutu: "Aa, kodi ndi inu? Mwaswera bwanji?" Anthu anangowatcha a Thonje. Ine ndimati tsiku lomwe galeta lakumwamba lidzabwere kudzawatenga, adzauza mngelo kuti atsike kaye, aone mabuleki.

Paipi yabwino, m'mene amafotokozera, ndi ija yokutidwa ndi timawaya tachitsulo chosachita dzimbiri, tolukidwa ngati tsitsi la mkwatibwi. Yalabala ikatentha imafufuma, ukafinya buleki umakhala ngati wagwira siponji. Yawaya sifufuma. Koma ili ndi chinyengo chake: imawalabe ngakhale ikudyeka. Kawaya kakaduka diso silikaona, koma thonje limakodwa.

Kale sanali choncho. Anali munthu wamatama, woti akamanga bawuti ankayembekezera kuti tiwombe m'manja mpaka zikhatho zitupe. Mwana wawo woyamba, mnyamata, tinkamutcha Kamphepo chifukwa sankadziwa kukhala pansi. Atagula njinga yake, bambo ake anam'mangira paipi yawaya kutayala lakutsogolo ngati mphatso. Ndinalipo. Inali yofupika pang'ono: ukakhotetsa handulo mpaka kumapeto inkakokeka n'kukhula pafoloko, chitsulo chogwira tayala lakutsogolo.

"Ndi chitsulo chimenechi," anatero alamu. "Tidzafa tonse icho chilipo."

Ine, pakamwa panga pano, ndinawonjezera kuti ingathe kukoka sitima yodzaza njovu. Tinaseka atatufe.

Kwa chaka ndi miyezi iwiri alamu ankamuonera matayala, tcheni ndi mafuta. Paipi ayi, poti inkangowala. M'mawa wina, pamtsetse wotsikira kumsika, lole inaima mwadzidzidzi. Kamphepo anafinya buleki, paipi inaphulika pamene inkakhula paja. Anatisiya ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu.

Papita zaka zisanu ndi zinayi. Injini amaphwasula, magetsi amakonza, thonje amayendetsa panjinga iliyonse, koma paipi samanganso. Amakutumizani kwa makaniko wakuseri. Paipi ya Kamphepo anaipachika pamsomali, pamwamba pa tebulo la masipanala, ndipo palibe amaikhudza, ngakhale kangaude.

Mwezi wathawu mwana wawo wotsiriza, namwino, kuntchito anam'patsa njinga yoyendera odwala kumapiri. Loweruka masana anaikankhira m'galaja, ine nditakhala pabenchi langa la ulesi. Paipi yake inali yalabala, yaming'alu ngati chidendene changa. Anaika yatsopano, yawaya, patebulo.

"Ababa, mundimangire."

"Pita kuseri."

"Wakuseri uja amamanga akucheza pafoni. Lolemba ndikunyamuka. Mukakana ndipita ndi yalabalayi."

"Usandiyese, iwe mwana."

"Sindikukuyesani. Ndikufuna manja anu."

"Manja amenewa ndi amene..." Anabisa manjawo m'khwapa.

Ndinati ndipepuze zinthu. "Alamu, mukakana ndimanga ndine. Paja ndinakonzapo ambulera ya mlongo wanga, mpaka lero imatseguka chagada, imatunga madzi."

"Amalume, inu musayandikire n'komwe," anatero namwino uja, akuseka kwinaku akupukuta m'maso.

Alamu sanaseke. Anayang'ana labala wong'alukayo nthawi yaitali, n'kumukanda ndi chikhadabo, kachidutswa n'kugwa. Kenako anaimirira, natambasula dzanja kumsomali. Anatsitsa paipi ya Kamphepo, naigoneka patebulo pambali pa yatsopano ija. Njinga ya Kamphepo ndi ya namwinoyu zinali zamtundu umodzi. Mapaipi anali ofanana ndendende kutalika kwake.

"Iyi ayi," anatero. "Alamu, thamangani kusitolo, akupatseni yotalikirapo ndi zala ziwiri."

Ine amene sindinathamangepo chibadwire ndinathamanga, agalu mpaka anaima kundionerera.

Nditabwera nayo, alamu anaimanga. Anaika mawashala atsopano, naonetsetsa kuti sinapotoke. Pamene imadutsa pafupi ndi foloko anaikapo kalabala kotchinga. Anakhotetsa handulo kumanja mpaka kumapeto, kumanzere mpaka kumapeto, kenaka anandiuza kuti ndikhalire njingayo ndi thupi langa lonseli, ndiidinikize. Paipi sinakokeke, sinakhudze kanthu. Anathira mafuta a mabuleki, mwana akufinya iwo akutulutsa mpweya, mpaka buleki inalimba gwa. Ndiye anatulutsa thonje. Linayenda kuchokera kumwamba mpaka pansi, katatu, osakodwa.

Anang'amba thonje lina naliika m'thumba la yunifomu ya mwana wawo.

"M'mawa uliwonse, usanalize njinga. Likakodwa, usakwere, ngakhale akuitane ndani."

"Ndamva, ababa."

Atachoka, tinatsala awiri. Alamu anatola paipi yakale ija, naika zala ziwiri kumapeto kwake, n'kumaziyang'ana.

"Alamu, taonani. Izi zokha basi."

Ndinafufuza nthabwala m'mutu monse, sindinaipeze. Anaibweza pamsomali.

Lolemba m'mawa tinaima pageti. Namwino anagwada, nayendetsa thonje, nalikweza m'mwamba kuti bambo ake aone kuti n'loyera. Anatsika mtsetse wakumsika uja, nyali yofiira yakumbuyo inayaka, njinga inachepetsa liwiro, n'kukhota. Alamu anakhalabe pageti mpaka tiyi wawo anazizira, dzanja lili m'thumba la shati.