Machubu Osawola Andiphera Mitengo ku Chilobwe

Mitengo yanga yonse yauma. Yaphedwa ndi sitolo ina ya zaulimi ya ku Zingwangwa, ndipo eni ake sakuona cholakwa.

Ndimakhala ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri. Matope atatsika m'phirimo nthawi ya namondwe uja, anakokolola nyumba ya mchemwali wanga, iye ali momwemo. Ndiye ndinaganiza zodzala mitengo kumtunda kwa nyumba yanga kuti igwire dothi.

Chaka chatha ndinapita kukagula machubu ofesera mbande. Mayi wogulitsa anandionetsa atsopano, otseka pansi, okwera mtengo. Anati si pulasitiki wamba, amapangidwa kuchokera ku chimanga. "Bambo, awa osachotsa podzala. Kwirirani ndi chubu chomwe, chimawola chokha n'kusanduka manyowa." Ndinafunsanso. Anabwereza zomwezo.

Ndinafesa mibawa ndi mithethe. Madzi ndinkachita kusenza kuchokera ku kiyosiki ndisanapite kuntchito. Mvula itayamba ndinadzala monga anandiuzira.

Chisanu chitafika masamba anayamba kufota. Ndinkati ndi kuzizira. Loweruka lapitali ndinakumba mtengo umodzi. Chubu chili gwa, ngati chagulidwa dzulo. Mizu inasowa kotulukira, inangopotana m'katimo mpaka kufa. Ndinakumba wina. Chimodzimodzi.

Ndinanyamula chubucho kupita nacho kusitolo kuja. Mayi uja anati sakundikumbukira. Anaitana abwana ake. Abwanawo anachigwira ndi zala ziwiri ngati thewera. Anati machubuwo amawoladi, koma m'makina otentha a m'mafakitale akunja, osati m'dothi.

Ndinafunsa kuti makinawo ali pati mu Blantyre muno. Kapena ndinyamule phiri ndipite nalo kunjako?

Anaseka. "Achimwene, mwati ku Chilobwe? Kumenekotu phiri linatsika kale. Mukutchinganso chiyani?"

Mayi uja naye anaseka, n'kufunsa amene anali pambuyo panga kuti akufuna chiyani.

Ndinangotuluka. Ndikanatsegula pakamwa, bwenzi lero ndili kupolisi.

Machubuwo akadali pa shelefu, ndi chithunzi cha tsamba lobiriwira. Akugulitsabe, ndi mawu omwe aja. Amene munagula, ng'ambani chubu musanadzale. Amene munadzala kale, kakumbeni lero.

Inu abwana, kuseka munaseka. Tsopano ndiyankheni. Mvula yayandikira, kumtunda kwanga kulibe muzu wamoyo ndi umodzi womwe, ndipo chipinda cha ana anga ndi chimene chinayang'ana kuphiri. Ikayamba kugwa, ndiwagoneke kuti?