Ba Mwanabibi ndi Mainasi ya Kunja kwa Bulaketi

Ba Mwanabibi ndi telala wodziwika ku Kaunda Square. Anabadwira ku Mtendere, kwa makolo ochokera ku Mangochi, ndipo makina osokera anayamba kupalasa miyendo isanafike bwino pansi. Sukulu anailekezera mu giredi 10, chaka chimene mayi awo anadwala. Sanadandaule nazo mpaka pamene anamva kuti pamalo ena ophunzitsira ntchito zamanja ku Chainda pakufunika mphunzitsi wa zosoka, koma wokhala ndi satifiketi ya giredi 12. Analembetsa mayeso mwana wawo woyamba ali kale pabanja.

Masamu ankakaphunzira kwa Ba Namukolo, mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Kalingalinga, amene ankasonkhanitsa akuluakulu pakhonde pawo Loweruka masana.

Tsiku lina Ba Namukolo analemba pabolodi 7 − 2(x − 3), n'kupempha kuti wina achotse mabulaketi. Ba Mwanabibi saopa kuimirira pagulu. Anatenga choko, n'kulemba 7 − 2x − 6, kenako 1 − 2x.

"Mwakhutira nayo?" anafunsa Ba Namukolo.

"Nakhutira. Nachulukitsa vonse viwiri va mukati."

"Tiyeni tiyese. Paliponse pali x, ikanipo 3."

M'funso lija, 3 kuchotsa 3 sipanatsale kanthu, choncho yankho linali 7. M'yankho lawo munatuluka −5. Manyazi sanachite ayi, chinawanyansa n'chakuti sankaona pamene panakhota.

"Mwanyamula 2, mainasi yake mwaisiya panja," anatero Ba Namukolo. "Ilowa nayo pamodzi. Mainasi 2 kuchulukitsa na mainasi 3, ni pulasi 6."

Anakonza, n'kupeza 13 − 2x. Atayesanso ndi 3, inatuluka 7.

"Yatuluka, koma sinigwirizana nayo," anatero Ba Mwanabibi akubweza choko. "Tichotsa, manje pulasi ichokera kuti?"

Ba Namukolo anafotokozanso, koma sizinalowe.

Lolemba, kumsika kumene Ba Mwanabibi amasokera, kunabwera mayi wina wofuna masiketi awiri a ana ake amapasa. Ba Mwanabibi anayala chitenje, n'kulemba ndi choko muyeso wa patani yawo ya masiku onse, kawiri. Atayang'ananso miyeso ya anawo, anaona kuti siketi iliyonse iyenera kufupika ndi mainchesi atatu. Anasuntha mizere yonse iwiri, ndipo nsalu yotsala inatalika ndi mainchesi sikisi. Anaima sizasi ili m'manja. Chochotsa chikachepa, chotsala chimakula, ndipo chimakula kawiri chifukwa masiketi ndi awiri.

Anaimbira foni Ba Namukolo nthawi yomweyo, mayi uja akudikira pabenchi.

"Ba ticha, pulasi 6 ija naipeza. Ili pano pa tebulo."

Kuyambira pamenepo, akaona mainasi kutsogolo kwa bulaketi, ankaizunguliza limodzi ndi nambala yake asanachite china chilichonse. Mayeso a masamu anakhoza ulendo woyamba womwewo.

Malo a ku Chainda aja anali atadzaza kale, koma chaka chotsatira anawaitana. Lero amaphunzitsa kumeneko m'mawa, masana ali kumsika. Ophunzira awo amati ndi ovuta: msoko ukakhota pang'ono chabe, amakuuza kuti umasule wonse.