Bokosi la Zitenje za Amayi

Lero ndadutsa pa kalipentala, fungo la utuchi wa mlombwa landibweza kwathu ku Malomo, ndili kamtsikana.

Achimwene ankaimba gitala ya besi kutchalitchi. Sipika imodzi sinkawakwanira, ankafuna yaikulu yokhala pansi, yaing'onoyo isanjikidwe pamwamba. Anasankha bokosi la mlombwa limene malemu amayi ankasungiramo zitenje.

Ndinawapeza atakhuthulira zitenjezo padothi, akuboola chibowo pakati pa bokosilo.

"Achimwene, amayi anati limeneli ndi langa."

"Thabwa lolemera chonchi ndilipeza kuti? Zitenjezo ika m'thumba la feteleza."

Atamaliza anasanjika mabokosi awiriwo, nakhudza nsambo yaikulu. Malata ananjenjemera, anzawo anaombera m'manja. Ine ndinaima pakhomo nditakumbatira thumba lija, kulira kwa besi kukundilowa m'mano.